Mzere wa Pakati

Pemphero ndi Tawina, ana inu, pali chinthu chimene sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale bambo anu amene ndinawabereka ndekha. Ntchito imene inatilera tonse m'banja muno, imene inafolera nyumba ino ya ku Chilomoni ndi malata, sinali yanga. Inali ya munthu wina. Ine ndinaitenga chifukwa ndinatseka pakamwa tsiku limene ndinayenera kuyankhula. Ndalemba m'kope muno m'malo monena pamaso, poti ndikayamba kufotokoza Tawina amanditsanzira, ndipo ine ndimasokera n'kuyamba kudandaula za mabondo.

Wandikumbutsa ndi iwe Pemphero. Loweruka lapitali unali pakhonde ndi laputopu ya kusukulu, sikirini ili bii, ukuyeseza zimene aphunzitsi anakupatsani. Unadina kabatani ka muvi woloza kumwamba, mzere umene unalemba kale unabwerera, ndipo chala chako chinali kale pa ulendo wopita pa Enta. Ndinakumenya padzanja. Unandiyang'ana ngati ndayamba misala.

"Agogo, ndalakwa chani?"

Ndinati panali udzudzu. Panalibe udzudzu. Mzerewo sunauwerenge, basi.

Mwina mukuganiza kuti sikirini yakudayo ndi ya dzulodzuloli. Ayi. Ine ndinakumana nayo ndili namwali, pa kakoleji kena ka m'tauni mu Blantyre, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Tinalipo khumi ndi awiri, makompyuta atatu. Amene nthawi yake sinakwane ankayeseza pa katoni yojambulidwa mabatani ndi bolopeni. Musaseke. Zala zanga zinaphunzirira pa katoni ya sopo, koma mpaka lero ndimakuposani nonse awiri. Ndinkachokera ku Ndirande wapansi, kudutsa ku Nyambadwe kumene agalu ankadya bwino kuposa ife, disiketi yanga nditaikulunga m'kansalu kuopa fumbi. Disiketi simunaionepo. Inali ngati kambale kopyapyala kopindika, ndipo chithunzi chimodzi cha m'mafoni anuwa sichikanakwanamo.

Kompyuta ya nthawi imeneyo inalibe tizithunzi tokhudza ndi chala. Unkailembera. Ukalemba lamulo n'kudina Enta, pali kapulogalamu kamene kamalandira mawu akowo n'kukawapereka m'kati kuti achitike. Dzina lake ndi shelu. Ine ndinkangoti mesenjala, chifukwa ofesi iliyonse ya m'tauni inali ndi mesenjala wa yunifolomu ya khaki, womutuma uku ndi uku. Ndipo amesenjala amasiyana mitu. Wina amaiwala asanafike pakhomo, wina amakumbukira zimene unamutuma chaka chatha.

Wa kukoleji uja anali wa DOS. Mutu wake unkasunga chinthu chimodzi chokha, chimene wamutuma komaliza. Ukadina F3 ankakubwezera mzerewo. Za m'mawa, za dzulo, usamufunse. Ndi ameneyu ndinalembera mayeso, n'kulandira setifiketi ili m'felemu pabalaza ija, imene Tawina amati ndi chithunzi chopanda munthu.

Setifiketi inabwera pamodzi ndi mimba. Agogo anu aamuna anakwera basi ya ku Joni mimbayo ili ndi miyezi isanu, analemba makalata awiri, ndipo nkhani yawo yathera pamenepa. Bambo anu, Feliki, anayamba kukwawa m'chipinda chimodzi cha mayi anga aang'ono, a Malita, amene tsiku lililonse ankandikumbutsa kuti makolo athu anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki atasenza mitondo pamutu, choncho ine ndisamalire chifukwa cha mwamuna mmodzi. Ndinkalirabe, koma kubafa.

Feliki ali ndi miyezi isanu ndi itatu ndinapeza ntchito pa kampani ina ya malole ku Limbe, chakuseri kwa siteshoni ya sitima. Anandiuza kuti andiyesa kaye miyezi isanu ndi umodzi. Ndinali munthu wamantha, ana inu. Ndinkaopa manijala, ndinkaopa telefoni ikalira, ndinkaopa kuti mkaka udontha pabulauzi pamaso pa madalaivala. M'minibasi ya ku Limbe ndinkawerenga pamtima zinthu zimene zingamuchitikire mwana ine kulibe: mbaula, ngalande, agalu, chifuwa. Pofika pa depoti ndinkakhala nditamuika kale m'manda kawiri.

Chipinda cha kompyuta chinali chozizira ngati m'firiji, ndipo nsapato tinkavulira pakhomo. Makina aakulu anali pakona, akung'ung'udza. Ife tinali ndi masikirini awiri a zilembo zobiriwira, ndipo madzulo tinkawafunditsa nsalu ngati makanda. Mwini chipindacho anali a Saidi, bambo a imvi, a kofiya yoyera ndi fulasiki ya tiyi wa jinja. Madalaivala ankawaitana kuti Che Saidi. Anayamba ntchito ali kalaliki wolemba maulendo a malole m'mabuku akuluakulu. Makinawo atabwera, amene anadzawalumikiza anawaphunzitsa masabata awiri n'kumapita, zina zonse anazitola okha m'buku lonenepa ngati njerwa. Ankalemba ndi zala ziwiri zokha, ngati nkhuku ikujompha chimanga, koma sindinawaonepo akufufuta chilembo.

M'makina amenewo munali amesenjala atatu. Woyamba, wotchedwa sh, analibe mutu n'komwe. Ukalakwitsa chilembo chimodzi pa mzere wautali, unkayambiranso. Wachiwiri anali csh. Ameneyu ankasunga zonse zimene wamutuma, chilichonse ndi nambala yake, ndipo ukalemba mawu akuti history ankakuyalira mndandanda wonse. Ukalemba !! ankabwereza lamulo lomaliza. Ukalemba kachizindikiro kamodzi ka mfuuliro n'kutsatiza zilembo zoyamba za lamulo, ankafufuza m'mbuyo, n'kupeza lomaliza loyamba ndi zilembo zimenezo, n'kulichita pompo. Mzerewo ankakuonetsa, inde, koma ali kale panjira. Wachitatu anali ksh, wa a Saidi. Ukadina Esc kenako k, ankabweretsa mzere wakale n'kuima nawo pamaso pako, kudikira. Ukadinanso k, wina wa m'mbuyo mwake. Sankasuntha mpaka iwe utadina Enta.

"Rozina, wasankha uti?" anandifunsa sabata yoyamba.

"Wa csh, bambo. Ndi wachangu."

"Wachangu, eetu. Ngati kondakitala wonena kuti tiyeni munthu mwendo wina ukadali panja." Anathira tiyi. "Chala chakocho chikuthamangira kuti? Uziyamba waona, kenako Enta."

Ankanena zimenezi kasanu patsiku, mpaka ndinasiya kuzimva, monga mmene inu munasiyira kumva ndikamati tsekani firiji. Ndinkathamanga chifukwa mphindi iliyonse imene ndapulumutsa inali ya Feliki. Komanso, ndivomere, ndinkafuna aone kuti wa setifiketi ndine.

Ntchito yathu inali kaundula mmodzi, fayilo yotchedwa maulendo. Mmenemo munali lole iti, dalaivala uti, wanyamula chiyani, katundu wa ndani ali m'shedi iti, akuyenera kudutsa malire ati ndi tsiku liti. Madalaivala ankabweretsa tizipepala pawindo, ife n'kulowetsa, kenako tizipepalato tinkabayidwa pa msomali, msomali ukadzaza n'kukhuthulira m'thumba la fetereza. Lachisanu lililonse ndinkakopera kaundulayo kumalo osungira, kuti china chikachitika tikhale ndi pothawira. Lamulo lake linali ili:

cp ntchito/maulendo zosunga/maulendo

Mayina achinyanjawo anaika ndi a Saidi. Zilembo za cp zikutanthauza kuti kopera. Dzina loyamba ndi kochokera, lachiwiri ndi kopita. Chimene chinali kopitako chimafufutika, ndipo makina safunsa ngati watsimikiza. Ndinalilemba lonse Lachisanu loyamba lokha. Kuyambira pamenepo ndinkangolemba !cp, mesenjala wanga n'kuthamanga. Sikirini yanga sitinkaizimitsa, ndipo palibe wina ankaigwira, choncho cp womaliza nthawi zonse ankakhala wanga.

Kenako inafika Juni ndi chiperoni chake. Inu mumati kukuzizira mutavala majekete a zipi. Ife tinkagona m'chipinda cha zenera la katoni, mtambo wa m'phiri la Ndirande utatsikira mpaka pakhomo. Lamulungu lina Feliki anayamba kupuma ngati kamwana ka mphaka, nthiti zikulowa m'kati. Chinali chibayo. Anatigoneka kuchipatala kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi. Foni za m'manja kunalibe. Uthenga wa kuntchito ndinatumiza kudzera mwa mayi wina woyandikana nafe amene ankagulitsa nthochi ku Limbe, ndipo unafika Lachitatu, nthochi zitatha.

Zimene zinachitika kuntchito ine kulibe ndi izi. Loweruka magetsi anazima n'kubwerera ndi mphamvu. Anapsereza sikirini ya a Saidi ndi kuwononga kaundula. Lolemba m'mawa madalaivala atadzaza pawindo, a Saidi anakhala pampando wanga, ndipo pofulumira anatuma mesenjala wanga yemweyo kuti abweze kaundula kuchokera kosungira:

cp zosunga/maulendo ntchito/maulendo

Mwaona kusiyana kwake? Yang'ananinso. Mayina awiri aja asinthana malo. Lolemba m'mawa mzere umenewu unali mankhwala, chifukwa kuyambira Lachisanu panalibe chatsopano chimene chinalowa. Atamaliza ndi pamene anaitana mesenjala wawo wa ksh, n'kugwira naye ntchito sabata yonse pa sikirini yanga, akulowetsa okha maulendo, ntchito ya anthu awiri.

Ndinabwerera Lachisanu. Manijala anandipeza ndikuvula nsapato.

"Kuno si kusikelo ya ana," anatero. "Masiku anayi. Ukalakwitsanso kamodzi kokha, usavutike kukwera minibasi."

A Saidi anandiuza za magetsi, anandibwezera mpando ndi mesenjala wanga, iwo n'kukhala pambali kusanja tizipepala. Za mzere wa Lolemba sananene. Anafunsa za mwana, ndipo nditawauza kuti ayenera kukabayidwa jakisoni thuu koloko, anapita okha kwa manijala kukandipemphera kuti ndichoke hafu pasiti thwelofu. Mmene anachitira sindikudziwa. Thwelofu itakwana anatenga kofiya yawo ya Lachisanu kupita kumzikiti, monga ankachitira sabata iliyonse, pamodzi ndi theka la madalaivala.

"Usunge kaundula, uzipita," anatero ali pakhomo.

Ndinatsala ndekha. Ndinamaliza tizipepala titatu, diso lili pa wotchi. Chikwama chili kale paphewa, nditaimirira, ndinalemba !cp n'kudina Enta.

Mzere unaonekera. Ndinauwerenga utapita kale.

Kompyuta sikuwa, ana inu. Ikanakhala mbale bwenzi itamveka kusweka, wina n'kubwera kudzafunsa. Kachizindikiro kodikira lamulo lina kanangobwerera, kakuphethira, ngati mesenjala amene wabwerako ndipo akufuna umuyamikire. Ndinatsegula kaundula. Ulendo womaliza unali wa Lachisanu lapitalo. Sabata yonse imene a Saidi analowetsa ndi zala ziwiri inali itapita, ndipo kosungira kunalinso zakale zomwezo.

Ndikanatha kukhala pansi n'kuwadikira. Ndikanatha kugogoda kwa manijala. Ndinafunditsa sikirini nsalu yake, ndinavala nsapato, ndinatuluka pageti ndikuyenda bwinobwino. Pa depoti ndinagula chimanga chootcha chimene ndinafika nacho ku Ndirande osachiluma. Feliki anabayidwa jakisoni, analira, anagona. Loweruka ndinachapa matewera. Lamulungu ndinapita ku Misa koma sindinalandire, ndipo a Malita anandiyang'ana cham'mbali osafunsa. Ndinkadziwa chinthu chimodzi: fayilo iliyonse imasunga nthawi imene yasinthidwa komaliza. Yathuyo inkanena kuti twente faifi pasiti thwelofu, nthawi imene bwalo lonse limadziwa kuti a Saidi ali kumzikiti ndipo m'chipindamo muli Rozina yekha.

Lolemba ndinapita nditalongedza kale kapu yanga ndi sweta m'maganizo, ngati munthu wochotsedwa ntchito. Anatiitana tonse awiri mu ofesi ya manijala. Munali bambo wina wa tayi, katswiri wochokera kumene anagula makinawo, atagwira pepala lalitali la mabowo m'mbali. Anali atasindikiza mndandanda wa mesenjala wanga.

"Mzere uwu ulipo katatu," anatero, akuloza ndi bolopeni. "Nambala 41, nambala 58, nambala 61. Shelu imeneyi sisunga nthawi, komanso sisunga mabatani amene munthu anadina. Imangolemba lamulo lonse limene linachitika. Koma fayilo ili ndi nthawi yake. Lachisanu, teni pasiti thuu."

Ndinayang'ana pepalalo. Wa 41 unali wa a Saidi, wa Lolemba lija. Wa 58 unali wanga, ngakhale kachizindikiro kanga ka mfuuliro sikankaoneka, unali utayalidwa wonse ngati walembedwa ndi munthu wodekha. Wa 61 sindinaudziwe.

"Teni pasiti thuu m'chipindamo munali ndani?" anafunsa manijala.

"Ndinali ndekha, bwana," anatero a Saidi. "Ndinali nditangochokera kumzikiti."

"Mzerewu munalemba ndinu?"

"Lolemba ndinalemba ine. Lachisanu teni pasiti thuu ndinalembanso ine."

"Chifukwa chani, munthu wamkulu ngati inu?"

A Saidi anakweza zala zawo ziwiri zija n'kuziyang'ana. "Zala izi, bwana."

Manijala anatembenukira kwa ine. "Iwe unachoka nthawi yanji?"

"Hafu pasiti thwelofu, bwana."

"Kupita kuti?"

"Kuchipatala ndi mwana."

Ndinadikira funso lachitatu. Linali losavuta: usanachoke, unasunga kaundula? Ndinaliona likubwera, ndipo mpaka lero sindikudziwa chimene ndikanayankha. Silinabwere. Katswiri uja anayang'ana mzere wa pakati kamphindi, anayang'ana wotchi yake, n'kupinda pepala. Anali ndi ulendo wina ku Zomba.

Apa mumvetse, chifukwa ine zinanditengera ulendo wonse wobwerera kuchipinda chozizira chija kuti ndimvetse. A Saidi atachokera kumzikiti anavundukula sikirini, anapeza kaundula wabwerera m'mbuyo, analemba history n'kuwerenga. Anaona 41, anaona 58, anaona nthawi ya fayilo. Kenako anakhala pansi n'kulemba mzere wonsewo kachitatu, chilembo ndi chilembo. Panalibenso choti chiwonongeke. Chimene chinasintha ndi nthawi yokha. Munthu amene sanadinepo Enta asanawerenge, anawerenga, n'kudina. Kenako anakagogoda kwa manijala. Ndipo mu ofesi muja sananame ngakhale liwu limodzi. Inenso sindinaname. Tonse awiri tinanena zoona zokhazokha, ndipo mzere wa pakati unatsala wopanda mwini.

Tinakhuthula matumba a fetereza aja pansi, n'kuyamba kusanthula tizipepala. Tina tinali titanyowa, tina makoswe anali atalawa. Zinatitengera masabata atatu. M'kati mwa masabata amenewo malole awiri a tiyi anaima pabwalo osadziwika kuti mapepala awo ndi ati, ndipo sitima ya pamadzi imene inkawadikira ku Beira inanyamuka. Mwini tiyiyo anasamukira ku kampani ina. Manijala anati chifukwa cha zaka zimene a Saidi anagwira sawachotsa. Anawapatsa geti. Mpando wachitsulo, kanyumba ka malata, ndi chingwe chokwezera mtengo wotchinga malole. Makiyi a chipinda cha kompyuta anandipatsa ine, miyezi yanga yoyesedwa isanathe n'komwe.

Madalaivala sachedwa. "Che Saidi, getili musalifufutetu," ankatero akudutsa. Iwo ankaseka nawo, n'kukweza mtengo.

M'mawa uliwonse ndinkadutsa pamenepo. M'mawa uliwonse ankandifunsa chinthu chimodzi: "Mwana wadzuka bwanji?" Ndinkayankha ndikuyang'ana nsapato. Chiperoni chinatha, kunabwera mphepo ya fumbi, kenako dzuwa la Okutobala limene linkasandutsa kanyumba ka malata kaja kukhala uvuni, ine ndili m'kati nditavala sweta. Tsiku lina masana ndinapita kukaima pambali pawo. Anali akusenda nzimbe ndi kampeni.

"Bambo, mzere wa pakati uja..."

"Wa 58."

"Ndinali ine."

"Ukuganiza kuti ndinkayesa ndi makoswe?" Anandipatsa chidutswa cha nzimbe. "Ine ndinasiya mpeni pamphasa pamene mwana amakwawa. Ndinkadziwa mmene umatumira mesenjala wako. Ndinayenera kukuuza, sindinakuuze. Pamenepo ndi panga."

"Koma amene anadina ndine. Ndipite ndikanene."

"Pita. Akakuchotsa iwe, ine sakandibwezera, chifukwa akadziwa kuti ndinaseweretsa nthawi ya fayilo. Tidzakhala awiri pageti pano, ndipo mpando ndi umodzi." Anapukuta kampeni pa thalauza. "Ana anga anakula, Rozina. Wako sanayambe kuyenda. Bwerera, telefoni ikulira."

Telefoni sinkalira. Ndinabwerera.

Mawu amenewo ndawanyamula zaka zonsezi ngati chiphaso. Nthawi iliyonse mtima ukandifunsa, ndimawatulutsa n'kuuonetsa: mwini wake anandiletsa. Koma anandiletsa mu Okutobala. Kuyambira Juni mpaka Okutobala palibe amene anandiletsa.

A Saidi anakhala pageti zaka ziwiri, n'kupuma. Ine ndinakhala m'chipinda chija mpaka imvi. Makina aakulu aja anachoka, kunabwera ena ang'onoang'ono, ndipo nawo anabwera ndi mesenjala wina, bash, yemwe uja unali naye pakhonde, Pemphero. Ameneyu anatenga nzeru za onse. Muvi woloza kumwamba umakubweretsera mzere n'kudikira, ngati wa a Saidi. Ukagwira Ctrl ndi R n'kulemba zilembo zochepa, amakufufuzira m'mbuyo n'kukuonetsa usanavomere. Ukamupempha, amasunganso tsiku ndi nthawi ya mzere uliwonse. Akanakhalapo chaka chija, bwenzi bambo anu ataphunzira sukulu zina, kapena osaphunzira n'komwe. Koma kachizindikiro ka mfuuliro kaja nayenso ali nako, ndipo amathamanga nako chimodzimodzi. Atsikana onse amene ndinawaphunzitsa ntchito ndinkawaletsa kukagwira. Ankati mayi Rozina ndi ovuta. Ankandinena kuti ndimawerenga mzere ngati kalata ya chibwenzi.

Chinthu china ndinachipeza mochedwa, ndikusanthula buku lonenepa lija tisanalitaye. Mesenjala wanga wakale uja analinso ndi njira yomuimitsira. Ukawonjezera :p kumapeto, ankangokuonetsa mzere osauchita. Mabatani awiri. Zinalembedwa pa tsamba limene a Saidi analipinda pakona, ndipo m'mbali mwake analembamo ndi pensulo kuti Rozina. Kaya anapinda tsambalo Juni uja asanafike n'kuiwala kundionetsa, kaya pambuyo pake, palibenso womufunsa.

A Saidi anamwalira pamene bambo anu anali ku sekondale. Maliro a Asilamu sachedwa, uthenga unandipeza thupi litanyamuka kale. Ndinakakhala ndi azimayi ena kunyumba ya malirowo, ndinalira monga ena onse, ndinabwerako.

Mwezi wathawu ndinapita ku Limbe kukafuna chitenje. Mu Limbe wa lero ndimasokera, masitolo akale anagawidwa tizipinda, paliponse sipika ikukuwa. Mu kasitolo kena mayi wina wa mpango anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Si inu a Rozina a kumalole?" Anali Asiyatu, mwana womaliza wa a Saidi. Anandipatsa mpando, anaitanitsa zakumwa.

"Bambo ankakutchulani kwambiri," anatero. "Ankati mtsikana uja zala zake ndi mphezi."

"Anali munthu wabwino."

"Anali wabwino, koma ukalamba unawapezera pakompyuta paja. Paja anafufuta zinthu za kampani? Amayi anakwiya nazo mpaka imfa yawo, ankati anawachititsa manyazi pageti. Koma ife ana tinkaona kuti mwina mutu unali utayamba kutopa. Titawafunsa ankangoseka. Ndiye ana anga ndimawauza kuti, agogo anu anali ochenjera, koma makina a azungu anawagonjetsa."

Anaseka. Inenso ndinamwetulira. Funso lachitatu lija linali litabweranso, litakhala pakati pa zitenje, ndipo apanso palibe amene analifunsa. Ndinagula chitenje chimene sindinkachifuna, chija cha masamba achikasu ndinakupatsa iwe Tawina, n'kukakwera minibasi.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Sindikuuzani kuti mundimvere chisoni, ndadya bwino zaka zonsezi. A Saidi anasankha okha, ndi maso otsegula, ndipo anandiuza kuti ndikhale chete. Bambo anu anachira, anaphunzira, anabereka inu. Kampani ija inatsekedwa kalekale, manijala uja kaya ali moyo. Palibenso wondichotsa ntchito. Chatsala ndi ana a Asiyatu, a msinkhu wanu womwewu, amene akukula akudziwa kuti agogo awo anagonja ndi makina, pamene munthuyo sanalakwitsepo chilembo.

Kasitolo kaja ndikukadziwa, kali pafupi ndi pokwerera minibasi za ku Bangwe. Mawu oti ndikanene ndawakonza, ndawawerenga kambirimbiri, ali pamaso panga akudikira. Koma ndikakanena, ndikhala ndabweza dzina la bambo awo, kapena ndikhala ndafufuta chinthu chimene iwo analemba dala ndi zala zawo ziwiri?

Inu mwaphunzira kuposa ine, ndipo simunadye nawo mantha a chaka chija, mwangodya zipatso zake. Ndiuzeni. Mu ofesi muja, pamene funso silinabwere, ndinachita bwino kukhala chete? Nanga pakati pa zitenje paja?